Kwa achimwene a ku Mpondasi amene akupita kumaphunziro a zozimitsa moto

Achimwene, funso lanu ndinaliona usiku koma bandulo inali itandithera, ndiye ndikuyankha pano. Mwati kalata yafika, kwatsala milungu inayi kuti mukayambe maphunziro ogonera komweko a zozimitsa moto, ndipo mukufuna kudziwa kuti munyamule chiyani komanso mukonzekere bwanji. Choyamba, mafuno abwino. Ineyo ndinadutsamo, ndipo kwathu ndi konkuno, ku M'baluku kutsidya kwa mlatho.

Ndaona m'makomenti ena akukulimbitsani mtima kuti mwana wa kunyanja saopa kutentha, ena akuti ingonyamulani zitsulo zolimbitsa thupi basi. Inenso ndinapita ndi maganizo omwewo. Ndinakulira pa khoka, kabaza ndinapalasa zaka ziwiri, ndiye ndinkadziona ngati chiphona. Chimene chinandichititsa manyazi kumeneko si mphamvu ayi. Ndi mpweya.

Pali chipangizo chopumira mu utsi chimene amachitcha BA: silinda yoberekera kumsana ndi masiki yophimba nkhope yonse. Ambiri amaganiza kuti m'silindamo muli oxygen. Ayi, muli mpweya womwewu tikupumawu, wongopanikizidwa pa 200 kapena 300 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya) malinga ndi mtundu wa silinda. Pa pepala amati imakutengera theka la ola kapena kuposerako, koma mwini wake wa nthawiyo ndi chifuwa chako. Ukamapuma mwawefuwefu imatha ngati mayunitsi. Mpweya ukatsika kufika cha m'ma 50 bar kamalira kawezulo, ndipo lamulo ndi lakuti pamene kakulira uzikhala utatuluka kale.

Tsiku loyamba m'nyumba ya utsi yophunzitsiramo anandiphatikiza ndi mtsikana wina wochepa thupi, amene mumtima ndinkati andichedwetsa. Tinalowa chokwawa, mdima wa ndiweyani, dzanja lamanzere pakhoma, tikufunafuna chidole cholemera ngati munthu wamkulu. Thukuta linayamba kulowa m'maso, ndipo sungapukute chifukwa nkhope ili m'masiki. Ndinkangomva kupuma kwanga komwe, fuu, fuu, ngati mvukuto. Titafika pamalo popanikiza pofunika kudutsa chogona, silinda inakodwa penapake, mutu unangoti balala. Dzanja linapita lokha kumasiki kuti ndivule. Mtsikana uja anandimenya padzanjapo, n'kundigwira phewa mpaka mtima unakhala pansi. Posakhalitsa wezulo yanga inalira, tinatuluka chidole tisanachipeze. Mphunzitsi sanakalipe. Anangotenga geji yanga yoonetsa mpweya wotsala ndi ya mnzangayo n'kuonetsa kalasi yonse. Yake inali isanafike n'pakati pomwe.

Ndiye pa milungu inayiyi, thamangani. Dzukani kusanache, yambirani pa Clock Tower, wolokani mlatho wa Bakili Muluzi, pitirirani ndithu n'kubwerera. Yambani ndi makilomita 3, kenako 5. Masiku ena ikani mchenga m'chikwama cha kumsana, makilogalamu 10 poyamba kenako 15, muziyenda nawo mofulumira pamalo okwera. Tauni yathuyi ndi yachidikha, ndiye ngati mungathe, Loweruka kayeseni chitunda cha msewu wa ku Namwera. BA payokha imaposa makilogalamu 10, ndipo mukaphatikiza jekete, thalauza, jombo ndi helemeti mumakhala mutasenza zoposa 20 musanagwire n'paipi yomwe. Pokwerapo phunzirani kupuma pang'onopang'ono, kukoka mpweya mozama, kuutulutsa mosathamanga, ngakhale chifuwa chikukuwa. Musathamange masana dzuwa lili paliwombo poti mukuzoloweza thupi, mungokomoka pamsewu. Sabata yomaliza chepetsani, mukafike miyendo ili yopuma.

Za kutentha zija. Kuno kukatentha mu Okutobala timavula malaya, kukhala pansi pa mtengo wa mango, kamphepo ka kunyanja n'kumatipepesa. M'zovala za ozimitsa moto mulibe kamphepo. Zinapangidwa kuti moto usalowe, ndiye kutentha kwa thupi lakonso kumavutika kutuluka. Ndinaona anyamata amphamvu akugwada pa perete. Imwani madzi ludzu lisanakupezeni, muziyang'ana mkodzo, ukakhala wofiirira dziwani kuti mwatsalira. Timapaketi ta Thanzi tingapo m'chikwama si tolemera. Mowa wa Lamlungu usiku umakalipiridwa Lolemba m'mawa pa makwerero, anthu onse akuona.

Pali nkhani ina imene palibe waitchula, koma kwa ife a ku Mangochi ndi yaikulu: ndevu. Masiki ya BA imafunika igwire khungu mozungulira nkhope yonse. Ndevu, ngakhale za masiku awiri, zimasiya mpata, mpweya n'kumathawa komanso utsi n'kupeza polowera. N'chifukwa chake amameta tsiku ndi tsiku. Ngati ndinu Msilamu ndipo mumasunga ndevu, musakadzidzimukire pa geti. Kambiranani ndi a shehe anu komanso akubanja panopa, mupite mutamanga kale mfundo. Chimodzimodzi za swala, za chakudya cha halaal, ndi kusala ngati maphunziro agwera m'mwezi wa Ramadan: kauzeni oyang'anira tsiku loyamba, mwaulemu, osati kudikira mpaka zitavuta. Amagalasi nawonso anene msanga, chifukwa timiyendo ta magalasi wamba timatsegula mpata womwewo m'mbali mwa masiki.

Pitaninso kuchipatala ngakhale mukudzimva bwino. Ife osamba m'nyanja, mu Shire ndi ku Malombe, ambiri timayenda ndi likodzo osadziwa, ndipo limamaliza magazi mwakachetechete. Mankhwala ake ndi praziquantel, nkhani ya tsiku limodzi. Yezetsaninso malungo mukangomva kuphwanya m'thupi, ndipo neti musaisiye. Koma chachikulu, ngati muli ndi mphumu, BP kapena munagwapo khunyu, musabise pa fomu. Ndikudziwa ntchito ikusowa ndipo munthu umaopa kutaya mwayi, koma m'nyumba ya utsi simulowa nokha. Mukagwa, mnzanu ndi amene atsale kukukokani ndi mpweya wake.

Za katundu, kalata yanu ndiyo mfumu, zimene alembamo tengani zonse osachotsera. Zimene makalata saonjezera ndi izi. Sokosi zochindikala zambiri, mapeyala asanu ndi limodzi kapena kuposa, chifukwa jombo zatsopano pa phazi lozolowera patapata zimatulutsa matuza tsiku lachiwiri lomwe. Vaselini, pulasitala, chowengera zikhadabo. Zovala zamkati zikhale za thonje. Majezi a mpira aja, kaya ndi a Bullets kaya a Manoma, asiyeni m'chikwama mpaka Lamlungu, nsalu zoterozo zikatenthedwa zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Polishi ndi bulashi, malezala, loko wa pa sutikesi, ndowa, tochi, sopo wochapira, makope awiri, chiphaso cha unzika ndi masatifiketi pamodzi ndi mafotokope ake. Tenganinso cholembera chosafufutika mulembe dzina pa chilichonse, chifukwa mayunifolomu akayanikidwa pa chingwe chimodzi onse amafanana. Juzi musaiwale. Ngati akukutumizani kumtunda, kaya ku Lilongwe, Zomba kapena Blantyre, perete wa 5 koloko m'mawa mu Juni amamugwedeza mano munthu wa kunyanja.

Musaganize kuti ndi zothamanga zokhazokha. M'kalasi muli mayeso, ndipo amagwetsa anthu. Yambani ndi mfundo yoyamba: moto umafuna zinthu zitatu, choyaka, kutentha ndi mpweya. Ndi mafuwa atatu, mukachotsa limodzi mphika wagwa, ndipo njira iliyonse yozimitsira moto ndi kuchotsa fuwa limodzi. Kenako magulu a moto. A ndi wa zinthu zolimba monga nkhuni, mapepala ndi nsalu. B ndi wa zamadzimadzi monga petulo ndi parafini. Pa C samalani, mabuku a ku Britain amati ndi wa gasi pomwe a ku America amati ndi wa magetsi, ndiye zimene mwawerenga pa intaneti musakatsutse nazo mphunzitsi, tsatirani manotsi ake. Mukamadutsa pa filling station kapena m'malo ogona alendo a mumsewu wa ku Monkey Bay, imani muwerenge zolembedwa pa ma extinguisher, mabotolo ozimitsira moto aja. Kawirikawiri chizindikiro cha buluu ndi cha ufa, chakuda ndi CO2, chotuwira ngati kirimu ndi thovu, chofiira ndi madzi. Ndipo mukafunsidwa chifukwa chake sitithira madzi pa mafuta ophikira amene akuyaka, yankho ndi lakuti madzi akasanduka nthunzi amafufuma pafupifupi ka 1,700, n'kumwaza mafuta oyakawo ponseponse. Petulo nayenso amayandama pamwamba pa madzi n'kuyenda nawo. Mukamawerenga zimenezi muziganizira zigubu za petulo wa maboti zimene anthu amasunga kuchipinda m'madoko mwathumu, simudzaiwala.

Pa zingwe pokha ndi pamene ife a kunyanja timapumira. Manja anazolowera kale. Komabe iwo safuna mfundo ya kudoko, amafuna bowline ndi clove hitch, dzina lake ndi kamangidwe kake. Pezani kachingwe ka mamita awiri, muzimanga mutavala magolovesi, kenako mutatsinzina.

Paipi ndi makwerero ndi zimene zidzakuphunzitseni kumvera. Paipi ya 70 mm yotalika mamita 25 ikadzaza imasunga madzi pafupifupi malita 100, kutanthauza makilogalamu 100, ndipo ikapulumuka m'manja madzi ali pa mphamvu imakwapula ngati nsato yolusa. Makwerero aakulu amanyamulidwa ndi anthu anayi, mmodzi akangotsogoza phazi lamulo lisanaperekedwe onse avulala. N'chifukwa chake aphunzitsi amakuwa, amakubwezani kakhumi pa chinthu chimene mukuona ngati mwachikhoza. Sakudani. Ine sabata yoyamba ndinkafuna kulongedza chifukwa mphunzitsi wina, wamng'ono kwa ine ndi zaka, anandizunguliritsa bwalo nditasenza paipi kaamba ka lamba wa helemeti amene sindinamange. Lero ndikaona mnzanga lamba ali lendee, ndimakuwa kuposa iye uja. Ngati simunamve, funsani pomwepo, safunsa anadya phula. Ngati mumaopa pamwamba, nenaninso. Ambiri amaopa, ndipo amakukwezani pang'onopang'ono, maso kutsogolo osati pansi.

Kunyumba konzaniko musananyamuke. Alamu auzeni kuti masana foni imakhala yotseka, asadabwe kapena kuyamba kuganiza zina. Siyani ya ufa ndi ya sukulu, ndipo pa Mpamba kapena Airtel Money pakhale kenakake ka thiransipoti yadzidzidzi. Akuluakulu a kubanja auzeninso kuti maukwati ndi masadaka a nyengo imeneyi muwaphonya, chifukwa tsiku la BA kapena la makwerero likakudutsani, kulipeza n'kovuta.

Kachingwe kophunzirira mfundo ndili nako, komanso manotsi anga akale ngakhale ena anadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Loweruka m'mawa ndimakhala cha kumsika waukulu. Ndilembereni ku inbox, ndipo mubwere mutavala nsapato zothamangira, tikaone ngati mufike kutsidya osatsegula pakamwa.