Kambalame kotsatira dzuwa ndi nsomba

Mmodzi mwa owerenga wandilembera pa imelo kufunsa za mbalame ya m'nyanja yotchedwa Arctic tern. Akuti: "Ndamva kuti chaka chilichonse imauluka kuchoka kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi mpaka kummwera kwenikweni. N'zoona? Nanga panjira imadya chiyani?"

N'zoona ndithu, ndipo nkhaniyi imandikhudza mtima kwabasi. Kambalameka kamalemera pafupifupi magalamu 100 okha. N'kotuwa moyererako, kumutu kuli bii ngati kavala chipewa, mlomo ndi miyendo psuu, mchira wamphanda. Kamaikira mazira pansi penipeni, pamiyala kapena pamchenga, ku Greenland, Iceland, Alaska, kumpoto kwa Canada ndi Russia, cha mu June, pamene usiku kumeneko umakhala ngati kulibe. Mukangoyandikira chisa, kamakujomphani pamutu mpaka magazi.

Mu 2010, katswiri wofufuza za mbalame Carsten Egevang ndi anzake adalengeza zomwe adapeza atamangirira tizipangizo tosonyeza komwe mbalame yadutsa, tolemera magalamu 1.4, kumiyendo ya mbalamezi. Ulendo wopita ndi kubwerera udakwana makilomita pafupifupi 70,900 pachaka. Koma chondisangalatsa kwambiri ndi kayendedwe kake. Zikanyamuka, sizithamangira kummwera ayi. Zimayamba zaima pakati pa nyanja ya Atlantic kumpoto, masiku ngati 25, kudya ndi kunenepa. Zikafika kufupi ndi zilumba za Cape Verde zimagawikana: zina zimatsata gombe la Africa, zina la Brazil, n'kukafika kunyanja ya Weddell, ku Antarctica, kummwera kwenikweni kwa dziko lapansi, komwe chilimwe chimakhala chikungoyamba. Pobwerera zimakhotakhota potsatira mphepo, ndipo zimafika m'masiku ngati 40.

Funso lanu lachiwiri ndiye mutu wa nkhani, poti ulendo wonsewu ndi wa mimba. Kambalameka kamaima malo amodzi m'mwamba, mapiko akukupiza mofulumira, maso ali pamadzi. Kakaona nsomba kamatsika ngati muvi, phava! n'kuvuuka nayo kukamwa. Kumpoto kamadya tinsomba monga sand eel ndi capelin. Ku Antarctica kamadalira krill, tizilombo tofiirira tonga nkhanu tomwe timachuluka m'mphepete mwa madzi oundana. Ngakhale chibwenzi chimayambira pansomba: yaimuna imauluka nayo kukamwa n'kukaipereka kwa yaikazi.

Apa ndi pomwe ndimada nkhawa. Kambalameka sikamira mwakuya, choncho tinsomba tikasowa pamwamba pa madzi, kagwira njakata. Ku Iceland, sand eel atachepa kuyambira cha mu 2005, anapiye ambiri adafera pazisa ndi njala zaka zotsatizana, pamene makolo awo, omwe ena amafika zaka 30, ankabwerabe pamalo omwewo kudzaikira.