Ayi achemwali, musabwerere ku maluwa

Mayi wina wanditumizira imelo yomwe yandisowetsa tulo. Atapita padera anayamba kudzijambula yekha ndi penti: mimba yophwa, mabere odzaza mkaka koma woyamwa palibe. Mwamuna wake ataziona anati zithunzizo n'zoopsa, bwanji osangojambula maluwa ngati kale. Ndiye akufunsa kuti, "Kodi ndikudzikanda pabala ndekha? Ndisiye?"

Achemwali, mawu akuti "n'zoopsa" ndikuwadziwa. Ine ndinabereka mwa opaleshoni, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkasamba osayang'ana pansi pa mchombo. Tsiku lina mwana atagona ndinatsamiritsa galasi pampando, n'kukhala pansi, n'kuyamba kusakaniza penti. M'mutu mwanga chipsera chinali chofiira. Ndinapaka chofiira, sichinagwirizane ndi zomwe galasi linkaonetsa. Chipsera chenichenicho chinali chodera, chopita ku pepo, chonyezimira pakati, mbali imodzi chotukuka kuposa inzake, ndipo khungu la pamwamba pake linkagwa pang'ono n'kupanga mthunzi. Kuti ndipeze mtundu wake ndinafunika kudonthezamo buluu. Buluu pa thupi langa! Penti inkauma pa burashi ine ndili yang'anitsitseni, mwana anadzuka, ndinamuyamwitsa ndi dzanja lina lili mbuu, n'kubwererapo. Pomwe ndinkamaliza ndinali nditayang'ana malo amenewo nthawi yaitali kuposa dokotala aliyense, ndipo mantha anali atatha chifukwa mutu unali pa ntchito yofuna mtundu wolondola.

Mnzanga wina wojambula ataona anati n'chabwino ndithu, koma ndani angakhomerere chotere pakhoma? Funso limeneli limandikwiyitsa mpaka lero. Makoma a nyumba zosungiramo zithunzi adzaza ndi akazi ovula, ndipo palibe amati n'zoopsa. Mu 1989 gulu la akazi la Guerrilla Girls linawerenga zithunzi za m'zipinda za zojambula zamakono ku Metropolitan Museum ku New York: mwa ojambula 100 alionse, akazi sankakwana 5, koma mwa zithunzi 100 za anthu ovula, 85 zinali za akazi. Thupi la mkazi ndi lololedwa likakhala losalala, litagona mwaulemu, lojambulidwa ndi mwamuna. Likangojambulidwa ndi mwini wake, magazi ndi zipsera zili pomwepo, anthu amatembenuza nkhope.

Simuli oyamba. Mu 1932 Frida Kahlo wa ku Mexico anapita padera ali ku Detroit, ndipo chaka chomwecho anadzijambula atagona pabedi la chipatala, nsalu zili magazi, msozi patsaya, m'dzanja atagwira timitsempha tofiira tomangirira zinthu 6, kuphatikizapo mwana amene sanabadweyo. Paula Modersohn-Becker wa ku Germany mu 1906 anadzijambula wovula mpaka m'chiuno, atagwira mimba yaikulu, chikhalirecho nthawiyo analibe pakati. Chaka chotsatira anabereka mwana wamkazi ndipo patangopita milungu yochepa anamwalira, ali ndi zaka 31. Nanga Paula Rego wa ku Portugal? Anthu a ku Portugal atakana pa riferendamu ya 1998 kufewetsa lamulo la kuchotsa mimba, iye anajambula akazi ali m'zipinda zobisika, ena pafupi ndi ndowa, nkhope zolimba, osapempha chifundo kwa aliyense. Zithunzizo zinasindikizidwa m'nyuzi nkhaniyi itabwereranso, ndipo mu 2007 voti inatembenuka. Akanamvera za maluwa tikanataya zonsezi.

Koma apa ndisiyane ndi anzanga omwe amalengeza pa Facebook kuti kujambula kumachiritsa. Sindikhulupirira zimenezo, ndipo zimandinyansa zikamagulitsidwa ngati mankhwala. Kahlo anajambula ululu wake kuyambira pomwe anachita ngozi ya basi mu 1925, koma ululuwo sunachoke. Mwendo unadulidwa mu 1953, iye n'kumwalira 1954. Penti sibweza mwana. Chomwe imachita n'chakuti chinthu chimene chimakuzungulirani m'mutu usiku, chopanda malire, chimakhala ndi m'mphepete, ndi kukula kwake, ndi mtundu wake. Mukhoza kuchiyang'ana, mukatopa mukhoza kuchitembenuzira kukhoma. Kwa ine zimenezi n'zokwanira, ndipo sindifuna wina aziwonjezere zozizwitsa.

Ndiponso sindidana ndi maluwa, musandimve molakwa. Ndimadana ndi kuuzidwa kuti ndiwajambule n'cholinga choti wina apeze mtendere.

Tsono muchite chiyani?

Pitirizani. Lembani tsiku kumbuyo kwa chithunzi chilichonse ndipo musataye ngakhale chimene chakunyansani, chifukwa pakapita miyezi mudzaona zomwe zikusintha, kaya mitundu, kaya kukula kwa thupilo papepala. Kujambula ndi kuonetsa ndi nkhani ziwiri, choncho simukukakamizika kuonetsa aliyense, ngakhale bambo akunyumba. Dziwaninso kuti nawo anataya mwana, mwina chikuwaopsa si chithunzi ayi koma zomwe iwo sanalankhulepo. Afunseni tsiku lina zithunzizo zili kutali. Ndipo ngati tulo sitikubwera, chakudya sichikulowa, kapena mukuganiza zodzivulaza, pitani mukaonane ndi dokotala kapena mlangizi mwamsanga, mapepala anuwo muwatenge ngati pakamwa pakulemera.