Madzi a thelele ndi matenda a shuga: kuyankha amayi amene afunsa za bambo awo

Amayi, mwafunsa ngati n'zoona kuti munthu akanyika thelele lobala m'madzi usiku wonse n'kumwa madziwo m'mawa, matenda a shuga amatha. Mwatinso bambo anu ayamba kale kutero ndipo akufuna kusiya mapilitsi a metformin amene amalandira kuchipatala. Ndiyambe ndi chofulumira: chonde, asasiye mankhwalawo. Thelele azidya, ndi ndiwo yabwino kwambiri, koma silingalowe m'malo mwa mapilitsi. Anthu ambiri akamayankha funsoli amangoti "zimathandiza" kapena "ndi bodza", pomwe nkhaniyi ili ndi mbali zonse ziwiri. Ndiye mundilole nditalikitseko pang'ono.

Chimene chimachititsa thelele kunanda ndi gulu la zinthu zimene asayansi amazitcha polysaccharide. Ganizani za mikanda. Mkanda umodzi ndi shuga weniweni, monga gulukosi amene amapimidwa m'magazi a bambo anu. Mukatunga mikanda mazanamazana kapena masauzande pa ulusi umodzi, mwapanga polysaccharide, ndipo kutsekemera kuja kumatheratu. Chimene chimasiyanitsa chingwe china ndi chinzake ndi mtundu wa mikandayo, kutalika kwake, nthambi zake, ndi momwe mkanda uliwonse walumikizirana ndi unzake.

Inuyo mumagwira ntchito ndi zingwe zimenezi tsiku lililonse. Ufa wa chimanga mbali yake yaikulu ndi sitachi, ndipo sitachi ndi gulukosi yekhayekha wolumikizana. M'madzi ozizira ufa umangokhazikika pansi. Madzi akatentha kufika madigiri 60 mpaka 70, timibulu ta sitachi timamwa madzi, n'kutupa, zingwe zija n'kutuluka n'kuyamba kukolana. Phala limalimba pamenepo. Sitachi ali ndi zingwe za mitundu iwiri: yowongoka yotchedwa amylose ndi yanthambi yotchedwa amylopectin. Chinangwa chili ndi amylose wochepa poyerekeza ndi chimanga, ndipo n'chimodzi mwa zifukwa zimene kondowole amatamukira ndi kumata m'manja kusiyana ndi nsima ya ufa woyera. Nsima ikagona n'kukhala mkute imauma gwa chifukwa zingwe zowongoka zija zimandandalikananso pozizira n'kufinya madzi.

Koma chitsanzo chimene ndimachikonda ndi thobwa. Mwaphika phala lolimba, mwalisiya lipoleko, mwathira chimera. Pakapita kanthawi phala lija lasungunuka ndipo layamba kutsekemera, shuga musanathire n'komwe. Chachitika n'chiyani? Mapira kapena mawere akamamera amapanga chinthu chotchedwa amylase, chimene ntchito yake ndi kudula zingwe za sitachi kuti zibwerere kukhala shuga. Amylase yemweyo ali m'malovu athu ndi m'matumbo. Choncho chimene chimera chimachita mumphika, thupi la bambo anu limachita ndi chipande chilichonse cha nsima. Apa ndi pamene pagona nkhani ya shuga, ndipo ndimadandaula kuti anthu amalimbana ndi kapu ya madzi a thelele osayang'ana kukula kwa mitanda ili m'mbale.

Pali zingwe zina zimene thupi lathu silingathe kudula. Cellulose wa m'gaga ndi m'masamba nayenso ndi gulukosi yekhayekha, koma analumikizana mwa njira ina moti amylase samukhudza. Ng'ombe imakhuta ndi udzu chifukwa m'mimba mwake muli tizilombo tomwe timaudulira. Kunanda kwa thelele lobala, denje ndi chewe kuli m'gulu lomweli la zingwe zosagayika, koma izi zimasungunuka m'madzi n'kugwira madzi ochuluka. Za m'thelele lobala ndi zapachibale ndi pectin, chinthu chomwe chimalimbitsa jamu ndipo chimapezeka m'makoko a malalanje, m'magwafa ndi mu ufa wa malambe.

Ndiye chimene chili choona ndi ichi. Chakudya chikasakanikirana ndi zonanda zotere m'mimba, chimayenda pang'onopang'ono, ndipo shuga amalowa m'magazi modekha m'malo mokwera kamodzin'kamodzi. Munthu amakhuta msanga, chimbudzi chimafewa, ndipo tizilombo tabwino ta m'matumbo aakulu timapeza chakudya. Umenewu ndi ubwino weniweni. Koma kuchedwetsa shuga wa chakudya chimodzi si kuchiza matenda. Vuto la bambo anu ndi loti thupi lawo silikumvera bwino insulini, chinthu chimene chimathandiza thupi kutsitsa shuga m'magazi, kapena silikupanga wokwanira, ndipo thelele silikonza zimenezo. Kafukufuku wambiri wa thelele anachitika pa makoswe. Wa pa anthu ndi wochepa, wa anthu owerengeka kwa masabata ochepa, ndipo palibe amene anaonetsa kuti matendawa amatha.

Pali chinanso chimene chikundidetsa nkhawa. Mu 2011, ofufuza a ku Bangladesh anapatsa makoswe odwala shuga madzi a thelele pamodzi ndi metformin, ndipo anapeza kuti mankhwalawo sanagwirenso ntchito bwino. Kunanda komwe kumachedwetsa shuga kulowa m'magazi kungathenso kutsekereza mankhwala. Inde, anali makoswe, koma n'zokwanira kutichenjeza kuti mapilitsi asamamwere madzi a thelele. Amwere madzi wamba.

Sindikufuna muganize kuti asayansi amanyoza zinthu zachilengedwezi. Ayi ndithu, chipatala chimazidalira kuposa momwe ambirife timadziwira. Akatenga magazi kapena mafinya a wodwala kuti aone tizilombo toyambitsa matenda, amatimeretsa pa agar, polysaccharide wochokera ku ndere zofiira za m'nyanja zamchere. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1880, ofufuza a ku Germany ankavutika chifukwa gelatine, chinthu chonanda chochokera ku mafupa ndi zikopa za nyama chimene ankameretsapo tizilombo, ankasungunuka kukafunda, ndipo tizilombo tina tinkamudya. Mayi wina dzina lake Fanny Hesse, amene mwamuna wake ankagwira ntchito ndi katswiri wofufuza tizilombo toyambitsa matenda, Robert Koch, ndiye anawauza za agar yemwe ankamugwiritsa ntchito kukhitchini. Agar sasungunuka mpaka kutentha kufike cha m'madigiri 85, ndipo tizilombo tambiri sitimudya. Mpaka lero ma labotale a dziko lonse akugwiritsa ntchito nzeru ya mayi ameneyu. Ndere zina za m'nyanja, zofiirira, zimapereka alginate, amene amapangira nsalu zomangira zilonda zotuluka madzi, monga zilonda za kumapazi zimene zimavutitsa odwala shuga: nsaluyo imamwa madzi a pachilonda n'kufewa, moti pochotsa siisupula mnofu watsopano.

Ndiye pali heparin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amene anatulukiridwa mu 1916 ku yunivesite ya Johns Hopkins ku America. Nayenso ndi polysaccharide, ndipo wambiri amachokera m'matumbo a nkhumba. Amagwiritsidwa ntchito pa makina osefa magazi a odwala impso ndi pa maopaleshoni a mtima. Ukapereka wochepa magazi amaundana, ukapitiriza muyezo wodwala amataya magazi. Mu 2008 heparin wina atasakanizidwa ndi chinthu china chofanana naye, anthu ambiri anamwalira ku America. Taonani, chinthu chochokera ku chilengedwe, koma chimafuna kuyeretsedwa ndi kuyezedwa mosamala kwambiri kuti chikhale mankhwala.

Chitsanzo chapafupi ndi ife ndi katemera wa tayifodi. Kachilombo koyambitsa matendawa kamadzikuta ndi chikuto cha polysaccharide chotchedwa Vi kuti asilikali a m'thupi asakazindikire msanga. Ofufuza anatenga chikuto chimenechi n'kupanga katemera, kuti thupi lichidziwiretu. Katemera woyambayo sankagwira bwino mwa ana osakwana zaka 2, chifukwa thupi la khanda silisunga bwino chikumbukiro cha polysaccharide akakhala yekha. Atamulumikiza ku puloteni ina, zinatheka. Katemera watsopanoyu anayesedwa kwathu konkuno, ku Ndirande ndi ku Zingwangwa mu mzinda wa Blantyre, kuyambira mu 2018, pa ana oposa 28,000 a miyezi 9 mpaka zaka 12. Ena analandira katemera wa tayifodi, ena katemera wina, ndipo onse anatsatidwa kwa zaka. Anapeza kuti amateteza pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse, ndipo mu 2023 dziko la Malawi linayamba kumupereka kwa ana m'dziko lonse. Umu ndi momwe chinthu chimatsimikizikira kuti chikugwira ntchito: anthu masauzande, magulu awiri oyerekeza, zaka zodikira. Madzi a thelele sanadutse m'njira imeneyi, ndipo amene akufalitsa uthengawu pa WhatsApp sadzakhalapo tsiku limene maso kapena impso za bambo anu zidzayambe kuvuta. Choopsa cha shuga n'chakuti amawononga mwakachetechete, munthu akudzimva kuti ali bwinobwino.

Ndiye bambo achite chiyani? Thelele adye lonse ngati ndiwo, chifukwa zambiri zothandiza zimatsalira m'thelelemo osati m'madzi onyikira. Pophika chepetsani soda kapena chidulo, poti zimawononga mavitamini ena. Nsima ikhale ya mgaiwa, imene gaga wake sanachotsedwe, ndipo mitanda ichepe, ndiwo zamasamba ndi nyemba zichuluke. Thobwa ndi zakumwa zotsekemera asamale nazo kwambiri, pa chifukwa chimene ndafotokoza pamwambapa.

Ndikudziwa kuti kuuza kholo kuti likulakwitsa si chinthu chapafupi. Musalimbane nawo, koma muwafunse bwinobwino chimene chikuwatopetsa pa mapilitsiwo. Metformin amatsegula m'mimba ndi kuchititsa nseru anthu ena, makamaka akamwa asanadye, ndipo nthawi zambiri ichi ndi chimene chimathamangitsira anthu ku mankhwala ena. Ngati vuto ndi limeneli, adokotala angathe kusintha muyezo kapena nthawi yomwera. Pa ulendo wotsatira wa kuchipatala muwaperekeze, mutenge buku lawo lachipatala, ndipo mukawauze adokotala mosabisa kuti bambo akumwa madzi a thelele ndiponso kuti anayamba liti.