Giredi 3 yanu sinafe, koma siikwana paokha

Sabata ino ndalandira kalata ya bambo wina wowotcherera zitsulo ku Mchesi. Ali ndi Trade Test Giredi 3 imene anakhoza kalekale, akhala pa makina zaka 14, koma kampani ina yomanga yawabweza ati ikufuna munthu wa Level 3. Akufunsa kuti: "Pepala langali linafa? Ndikayambirenso sukulu limodzi ndi ana?"

Achimwene, tiyambe ndi manambalawo, chifukwa asokoneza amisiri ambiri. Trade Test imawerenga chotsika: Giredi 3 ndiye poyambira, Giredi 2 pakati, Giredi 1 ndiye mmisiri wathunthu. Dongosolo la TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, limawerenga chokwera: Level 1 ndi ya woyamba kumene amene amagwira ntchito moyang'aniridwa, Level 2 ndi ya amene wayamba kuima payekha, Level 3 ndi ya mmisiri woti mungamusiyire ntchito n'kuchokapo, ndipo Level 4 ndi ya tekinishani. Inu mutamva kuti 3 munati ndili nayo kale. Kalaliki amene analandira pepala lanu anaona 3 wa pansi pa makwerero. Level 3 imene akufunayo imayandikana ndi Giredi 1, osati Giredi 3.

Chisokonezochi sichinayambe lero. Kwa zaka zambiri dziko lino linali ndi mapepala atatu a ntchito imodzi. Unduna wa za ntchito unkayesa Trade Test. MANEB inkapereka Malawi Craft Certificate ndi Advanced Craft. TEVETA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1999, inabweretsa satifiketi yakeyake, yoyesa munthu gawo ndi gawo pa zimene akutha kuchita ndi manja. Pambali panalinso City and Guilds ya ku Britain kwa amene anali ndi ndalama. Mnyamata mmodzi wa pa koleji ya Soche kapena ya Nasawa ankalembetsa mayeso awiri kapena atatu pa luso lomwelo, kulipira paliponse, poopa kuti bwana amene adzakumane naye adzafuna pepala limene iye alibe. Mphunzitsi naye ankaphunzitsa masilabasi atatu m'kalasi imodzi, ndi makina omwewo, ndi marodi osakwanira omwewo. Choncho pamene anaphatikiza zonsezi kukhala silabasi imodzi ndi makwerero amodzi a ma Level, kunali koyenera, ndipo sindidzatsutsa zimenezo.

Chimene chimandiwawa n'chakuti kusinthaku kunakambidwa m'misonkhano ya m'mahotela ndi m'makoleji, koma sikunafike pansi pa mtengo pamene mageti a m'tauni muno amawotchereredwa. Mmisiri amamva kuti zinthu zinasintha tsiku limene wabwezedwa pa ntchito. Komatu olemba ntchito amalipira msonkho wotchedwa levy ya TEVET, 1 peresenti ya malipiro a antchito awo, ndipo ndalama imeneyo ndi yokwezera luso m'dziko muno. Amisiri ambiri amene amanga nyumba za ku Area 25, Chilomoni kapena Chibavi sanadutse pa koleji iliyonse. Anaphunzira kwa amalume, kwa bwana wa pa garaji, kuyamba ndi kunyamula zitsulo ndi kupala dzimbiri. Dongosolo limene limaiwala anthu amenewa likuiwala amene akugwiradi ntchitoyo.

Ndipo malo m'makoleji sangakwane ngakhale nonse mutafuna kubwerera. Makoleji akuluakulu a ntchito zamanja ndi asanu ndi awiri okha: Lilongwe, Namitete, Salima, Soche, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia. Ma community technical college anayamba mu 2015, woyamba kutsegulidwa uli wa Ngara ku Karonga, ndipo anathandiza ndithu kufikitsa maphunziro kumaboma. Koma pakhomo la apprenticeship, maphunziro a umisiri ophatikiza kalasi ndi ntchito, amafunsa MSCE, ndipo ofunsira amachuluka kuposa malo chaka chilichonse. Kumuuza bambo wa ana anayi kuti atseke shedi yake akapikisane ndi omaliza Fomu 4 n'kumunyoza. N'kuwononganso malo amene akanathandiza mwana wosadziwa n'komwe kugwira holder, chopanira rodi (kawaya kowotcherera).

Koma achimwene, apa ndikupwetekani pang'ono. Zaka 14 si umboni woti mukhoza mayeso. Amisiri odziwika amalephera, ndipo zimene zimawagwetsa n'zomwezomwezo.

Choyamba ndi kakhalidwe ka chitsulo powotcherera. Ntchito ya mageti, mafelemu a zitseko ndi ma burglar bar imachitikira pansi, chitsulo chitagona, ndipo pena paliponse povuta mumangotembenuza geti. Pa mayeso chitsulo chimamangidwa chiimirire ndipo simuloledwa kuchitembenuza. Amafuna muwotcherere chokwera, kuchokera pansi kupita m'mwamba. Ambiri anazolowera kutsetsereka chotsika chifukwa n'kofulumira ndipo sikuboola chubu chopyapyala. Pa puleti ya mamilimita 6 kapena 10, kutsika ndi rodi wamba kumasiya mzere wa powotcherera wokongola pamwamba koma wosalowa mkati, ndipo slag, nkhanambo yochokera ku rodi yosungunuka, imathamangira kutsogolo n'kukwiririka. Woyesa akapinda chidutswacho kapena kuchithyola, chimang'ambika pa mzere pomwepo.

Chachiwiri ndi moto. Makina ambiri opangidwa m'makwalala alibe nambala iliyonse. Mumasuntha waya kuchoka pa chingwe ichi kupita pa icho mpaka khutu likuuzeni kuti zili bwino. Pa mayeso mudzapeza makina a nambala ndipo adzakufunsani chifukwa chimene mwaikira pamenepo. Rodi ya E6013 ya mamilimita 2.5 imafuna ma amp (muyeso wa moto wa makina) a pakati pa 60 ndi 90, ya 3.2 pakati pa 90 ndi 130, ndipo pokwera mumatsitsako pang'ono kuti chitsulo chosungunuka chisayenderere. Moto ukachuluka umadya m'mbali mwa mzere n'kusiya kangalande kamene amakatcha undercut. Ukachepa, rodi imamatirira ndipo mzere umangokhala pamwamba ngati phala lozizira. Marodi a E7018, amene makampani omanga amagwiritsa ntchito pa zitsulo zonyamula katundu, amakoka chinyezi; mukawasiya pa simenti nyengo ya dzinja, mzere umatuluka timabowo ngati chisa cha chiswe. Amasungidwa mu uvuni wa marodi, ndipo amafuna arc (moto wa pakati pa rodi ndi chitsulo) yaifupi kuposa imene munazolowera.

Kukonza chitsulo musanayatse makina nakonso kumadya mamalikisi. Puleti yokhuthala imafuna kusongola m'mbali ndi gilayinda kuti zikakumana zipange V wa madigiri pafupifupi 60, kusiya mpata wa mamilimita awiri kapena atatu pansi, kumangirira nsonga zonse, kenaka mzere woyamba, kugogoda slag yense ndi kupukuta ndi bulashi ya waya musanaike wachiwiri. Wothamanga amalumpha kugogodako. Pa geti la kasitomala penti imabisa. Pa mayeso palibe penti, ndipo kusalaza mzere ndi gilayinda kuti uoneke bwino kumaonedwa ngati kubisa cholakwa.

Ndiye pali zowerenga ndi zolemba. Level 3 imafuna munthu woti akapatsidwa chojambula, awerenge zizindikiro za mizere, awerengetse kuti pakufunika machubu angati a mamita 6, aonjezere zotayika podula, alembe mtengo. Ambiri amachita zimenezi m'mutu ndipo sasemphana kwambiri, koma sanazilembepo. Za chitetezo ndiye musaseke nazo: kubwera ndi magalasi a dzuwa m'malo mwa helimeti, patapata m'malo mwa jombo, kapena waya wa earth wongokolekedwa pa chitsulo cha dzimbiri, woyesa akhoza kukuimitsani musanawotcherere n'kamodzi komwe. Ndipo akulondola. Maso otupa usiku amene timawathira madzi a mbatata aja si chizindikiro cha umisiri.

Ndiye muchite chiyani?

Musataye Giredi 3, ndi umboni woyamba m'faelo yanu. Njira yanu ndi imene TEVETA imaitcha Recognition of Prior Learning, kapena RPL: amayesa luso limene munthu analipeza pa ntchito n'kumupatsa satifiketi pa level imene wafikapo, osamubwezera m'kalasi. Pitani ku ofesi ya TEVETA ku Lilongwe (ziliponso ku Blantyre ndi ku Mzuzu), mukafunse za RPL ya welding and fabrication, nthawi ya mayeso otsatira, malo ndi malipiro ake, ndipo mupemphe mndandanda wa zimene amayesa pa level iliyonse. Tengani chiphaso cha unzika, pepala lenileni la Trade Test ndi fotokope yake, makalata a amene munawagwirira ntchito onena mtundu wa ntchito ndi zaka, zithunzi zoonetsa inuyo mukugwira ntchitoyo osati geti lopentedwa kale, ndi mabuku a malisiti kapena makoteshoni ngati munasunga. Mndandanda ujawo muuwerenge ndi pensulo, muchonge zimene simunachitepo, ndipo zokhazo ndizo mukaphunzire, kaya pa kosi yaifupi kaya kwa mnzanu wa pa kampani. Gulani zidutswa za puleti kwa ogulitsa zitsulo zakale, muziwotcherera chokwera madzulo alionse kwa mwezi wathunthu, n'kumazithyola pa vayisi kuti muone mkati. Ndalama muzilipira ku akaunti ya bungwe n'kulandira lisiti. Aliyense wokulonjezani satifiketi popanda mayeso ndi wakuba. Ndipo musadabwe akakuikani pa Level 2 poyamba. Tengani, mudzakwera.

M'kalata mwanu munatchulanso kuti zikakanika mupita ku Joni. Dziwani kuti kumeneko pepala lililonse la kunja limayamba ladutsa ku SAQA, bungwe limene limaliyerekeza ndi makwerero a dziko lawo, ndipo iwo amafunsa ku bungwe limene linapereka pepalalo ngati ndi lenileni. Dzina likasiyana ndi la pa pasipoti, faelo ikhoza kuima. Konzetsani zimenezo muli konkuno. Kalata ya SAQA payokha sikupangani kukhala artisan, mmisiri wovomerezeka, wa ku South Africa. Pamafunikabe trade test yawo, imene anthu amaitcha Red Seal, ndipo nawonso ali ndi khomo la amisiri ophunzirira pa ntchito lotchedwa ARPL, limene limafuna makalata omwe aja a olemba ntchito. Makampani a mapaipi ndi ma boiler amaonjezera mayeso awoawo asanakulembeni ntchito: amakupatsani paipi yopendekeka madigiri 45, imene amaitcha 6G, n'kukuuzani kuti muizungulire yonse osaigwedeza.