Bwanji Zione akubwera patsogolo pa alinafe?

FUNSO: Akonzi, ndangoyamba kumene kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta. Aphunzitsi atipatsa ntchito yolemba pulogalamu yosanja mayina motsatira alifabeti, koma atiletsa kugwiritsa ntchito sorted(), akuti tiziyerekezera zilembo tokha. Yanga ikuika Zione patsogolo pa alinafe, ndipo ikafika pa Dali ndi Dalitso imaima n'kulemba kuti IndexError. Ndalakwitsa pati? Ndine wophunzira wanu.

YANKHO: Mavuto anuwa ndi awiri, ndipo n'ngosiyana. Tiyambe ndi la Zione.

Kompyuta siidziwa alifabeti. Chilembo chilichonse imachisunga ngati nambala, ndiye mukaifunsa ngati 'Z' ndi chocheperapo kuposa 'a', imangoyang'ana manambalawo basi. Pa ndondomeko ya ASCII, yomwe imapatsa zilembo manambala, A ndi 65 ndipo zilembo zazikulu zimathera pa Z yemwe ndi 90. Zazing'ono zimayambira pa 97 mpaka 122. Choncho Z wamkulu, pokhala 90, amakhala patsogolo pa a wamng'ono amene ndi 97. Lembani ord('Z') ndi ord('a') muone nokha.

Mankhwala ake n'kusandutsa mayina onse awiri kukhala a zilembo zazing'ono ndi lower() pa nthawi yoyerekezerayo. Mayina enieniwo asiyeni mmene analembedwera, kuopa kuti potulutsa zotsatira anthu onse angatuluke ndi mayina oyamba ndi chilembo chaching'ono. Ena akaona kuti A ndi a amasiyana ndi 32, amathamangira kuwonjezera 32 pa chilembo chilichonse. Musatero. Mukawonjezera 32 pa mpata wa pakati pa mayina, womwe nambala yake ndi 32, mumapeza 64, chomwe ndi chizindikiro cha @.

Tsopano kayerekezeredwe kake. Yambani pa malo 0, omwe ndi a chilembo choyamba, pa mayina onse awiri. Zilembo zikafanana, pitani pa malo otsatira. Zikangosiyana, nkhani yathera pomwepo: dzina la chilembo chocheperapo ndiye loyamba, ndipo mutuluke mu loop, gawo la pulogalamu lobwerezabwereza, ndi return kapena break. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Tengani Chifundo ndi Chikondi. Zilembo zitatu zoyamba n'zofanana. Pa malo 3 pali f, yemwe ndi 102, ndi k, yemwe ndi 107, ndiye Chifundo ndiye woyamba. Koma loop ikapanda kuima, ikafika pa chilembo chomaliza ipeza o wa 111 ndi i wa 105, ifufuta yankho loyambalo n'kuika Chikondi patsogolo. Chopweteka n'chakuti pulogalamuyo siidandaula chilichonse, ndipo pa mayina ena imapereka yankho lolondola mwangozi, moti munthu sazindikira msanga.

IndexError ija ikuchokera pa kutalika kwa mayina. Dali ali ndi zilembo 4, malo 0 mpaka 3. Ngati loop yanu ikuyenda motsatira kutalika kwa Dalitso, yemwe ali ndi zilembo 7, imapempha malo 4 pa Dali pomwe palibe kanthu. Iyendetseni mpaka min(len(a), len(b)) pokha, komwe ndi kutalika kwa dzina lalifupi pa awiriwo. Ikatha osapeza kusiyana, dzina lalifupi ndiye likhale patsogolo.

Chenjeraninso ndi zinthu zosaoneka ndi maso. Dzina loyamba ndi mpata limakwera pamwamba pa onse, poti 32 ndi yochepa kuposa chilembo chilichonse. Mayina owerengedwa kuchokera mu fayilo amabwera ndi chizindikiro cha mzere watsopano kumapeto. strip() amachotsa zonsezi, ndipo ndi bwino kumugwiritsa ntchito pomwe mukulandira dzinalo. Nacho chilembo cha ŵ chili kutali, pa 373 mu Unicode, ndondomeko yokulirapo ya manambala a zilembo, ndiye chimagwera kuseri kwa z. Ngati chilipo pa mndandanda wanu, chisandutseni w poyerekezera pokha.

Kunena zoona, Python amachita kale zonsezi za chilembo ndi chilembo mukangolemba a.lower() < b.lower(), ndipo mungagwiritse ntchito mzere umenewu poyesa ngati yanuyo ikupereka mayankho ofanana. Koma aphunzitsi anu sanalakwitse. Mukadzafika pa chilankhulo cha C, chizindikiro cha < pakati pa mayina awiri chimayerekezera malo amene asungidwa mu memory, osati zilembo, ndipo pamafunika strcmp, yemwe amabweza nambala yochepera 0, kapena 0, kapena yoposa 0 potsatira njira yomwe mukulembayi.