Kodi "choncho" wakhala pamalo pake?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Malindi, m'boma la Mangochi. Pokonzekera mtsutso wa kusukulu, wophunzira wanga analemba kuti: "Mwera ukawomba, asodzi salowa panyanja. Lero asodzi sanalowe panyanja, choncho mwera wawomba." Chichewa chake sindikuchipezera vuto, koma mtima wanga sukuvomera. Ndichonge kapena ndithethe?

Yankho: Aphunzitsi, mtima wanuwo sukunama. Kalembedwe ka mawu kali bwino ndipo aneni agwirizana ndi mayina awo. Vuto lagona pa "choncho".

Mawu monga "choncho", "kotero" ndi "ndiye kuti" si ongolumikizira ziganizo ayi. Wowanena akulonjeza kuti ngati mfundo zoyambazo ndi zoona, yomalizayo singakhale yabodza. Lonjezo limeneli ndi limene muyenera kuliyesa.

Mufunseni mwanayo kuti: kodi asodzi angakhale kumtunda nyanja ili bata? Mwana wokulira kugombe ayankha yekha. Mwezi ukawala kwambiri, asodzi a khoka la chilimira sapita kukapha usipa chifukwa nyali zawo sizikopa nsomba. M'mudzi mukagwa maliro, mabwato amagona pamchenga. M'miyezi ya Novembala ndi Disembala boma limaletsa makoka kuti chambo chiswane. Chiganizo choyamba chija changonena zomwe mwera umachititsa, sichinanene kuti ndi mwera wokha umene umaletsa asodzi. Mwanayo watenga chotsatira n'kuchisandutsa umboni wa chifukwa chimodzi, pomwe zifukwa zilipo zambiri.

Akanalemba kuti "Mwera ukawomba, asodzi salowa panyanja. Lero mwera wawomba, choncho asodzi salowa," bwenzi mutachonga. Ngakhalenso kuti "Lero asodzi alowa, choncho mwera sunawombe" n'kolondola. Kuti mfundo yake ija iyime monga anailembera, chiganizo choyamba chikanayenera kukhala "Asodzi salephera kulowa panyanja pokhapokha mwera utawomba," koma zimenezi aliyense ku Malindi akudziwa kuti si zoona.

Apa pali chinthu china chimene ana ambiri amasokoneza, ndipo chimandikhudza chifukwa akuluakulu timapusitsidwa nacho pamisonkhano. Mfundo zikhoza kulumikizana bwino koma zili zabodza. Tamvani iyi: "Nsomba zonse za m'nyanja ya Malawi ndi chambo. Usipa ndi nsomba ya m'nyanja ya Malawi. Choncho usipa ndi chambo." Apa "choncho" sanalakwe, bodza lalowera pa "zonse". Aristotle, katswiri wa kuganiza mozama wa ku Greece, amene anamwalira m'chaka cha 322 Yesu asanabadwe, anafotokoza mwadongosolo kasanjidwe ka mfundo zitatu kotereka, ndipo anaonetsa kuti kulumikizana kwa mfundo kumayesedwa poyang'ana kasanjidwe kake, posatengera kuti nkhaniyo ndi yotani.

Ndiye powerenga zolemba za ana, muzifunsa mafunso awiri paokhapaokha: kodi mfundo zoyambazo n'zoona, nanga yomalizayo ikuchokeradi mwa izo? Pepala la mwana wanuyo musalithethe lonse. Ingojambulani mzere kunsi kwa "choncho" ndipo alembenso kuti: "Lero asodzi sanalowe panyanja, mwina mwera wawomba."