Mabuku a ubatizo asatuluke pachipata

Mayi wina, mlembi pampingo wina kuno ku Harare, wanditumizira imelo. Akuti apeza mabuku akale a ubatizo m'thiranki ya kuvesitile, ndiye kwabwera munthu wofufuza mbiri akufuna kuwabwereka. Amupatse?

Amayi, mwandikumbutsa zowawa. Agogo anga anachoka ku Dedza wapansi kudzafuna ntchito mzinda uno ukadali Salisbury, n'kutchona. Bambo anabadwira m'nyumba ku Mbare, popanda pepala lililonse. Lamulo la unzika la 2001 linatisandutsa alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a 2013 atatsegula khomo, panafunika umboni woti bambo anabadwira kuno, ndiye tinathamangira kutchalitchi komwe anabatizidwa. Mkulu wa mpingo anatsegula kabati monyadira. Chiswe! Chikuto chinali bwinobwino, koma m'kati munali dothi lokhalokha. Bambo sanayankhule mpaka tinafika kunyumba.

Ine mpaka lero zimandipweteka. Timasonkha ndalama za yunifolomu ya kwaya ndi zokuzira mawu, koma shelefu imodzi yokha imatikanika. Ndipo ndinene mosabisa: kumeneku si kusauka, n'kusasamala. Sinodi ya Harare inalowa mu CCAP mu 1965, koma anthu akwathu ankapemphera m'Chinyanja kuno kalekale chakacho chisanafike. Ambiri a iwo, ogwira ntchito m'makhitchini ndi m'mapulazi, dzina lawo ndi mudzi wawo zinalembedwa m'mabuku amenewo basi. Ngakhale boma zinaligwerapo: moto wa mu 1919 ku Zomba unapsereza zikalata zambiri za atsamunda, ndipo olemba mbiri akuliralirabe. Nanji thiranki yathu?

Ndiye mutani?

Buku lisatuluke pachipata, ngakhale wobwerekayo akhale pulofesa. Awerengere pomwepo, inu muli pambali, m'manja muli pensulo osati bolopeni. Jambulani tsamba lililonse ndi foni, zithunzizo muzisunge malo awiri osiyana. Chotsani mapini ochita dzimbiri, musamate selotepi, musakutire masamba ndi pulasitiki yotenthetsa ija. Mabukuwo akhale pamwamba, kutali ndi khoma la chinyezi. Ong'ambika kwambiri, abusa akavomera, kafunseni nzeru ku National Archives of Zimbabwe, kosungira zikalata zakale za dziko. Mabuku a milandu ya bwalo la mpingo okha musafulumire kuwaonetsa, zidzukulu za anthu otchulidwamo mumakhala nazo benchi imodzi Lamlungu.